Pakhonde pa Azakhali: Mkamwini Akuzenga Mulungu Mlandu

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Chilomoni mu Blantyre muno ndipo ndimaimba kwaya ya achinyamata kumpingo kwathu. Ndili paubwenzi ndi mnyamata wina wa ku Chilobwe ndipo tatha zaka zinayi. Amalume ake anakaonekera kale kwathu, chinkhoswe tikufuna chichitike anthu akakolola. Mnyamatayu ndi waulemu, samwa, sasuta, ndipo ali ndi kashopu kake kokonzera mafoni ku Limbe. Tinadziwirana kutchalitchi, iye ndiye ankaimba kiyibodi.

Vuto linayamba ndi namondwe wa Freddy. Matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba yawo usiku, ndipo mayi ake ndi kamlongo kake ka zaka 7 anatisiya. Iye anapulumuka chifukwa tsikulo anagona kushopu, mvula itamutsekereza. Pamaliro panaima mlaliki wina amene ananena kuti Mulungu wakwiya ndi machimo a mumzinda muno. Kuyambira tsiku limenelo mnzangayu sanapondenso kutchalitchi.

Masiku ano amandifunsa mafunso oopsa. Akuti ngati Mulungu ndi wabwino komanso wamphamvu zonse, analekeranji kuimitsa matope aja? Akuti kamwana ka zaka 7 kanalakwa chiyani? Ndikamuuza kuti azithokoza poti Mulungu anamupulumutsa, amandifunsa kuti amene anapulumutsa iyeyo analephera bwanji kupulumutsa awiri aja. Ndakhala ndikumutumizira mavidiyo a pa YouTube a anthu ophunzira oikira kumbuyo Chikhristu, iye n'kumabweza ndi mavidiyo a anthu osakhulupirira, moti tsiku lina tinakangana pa WhatsApp mpaka 2 koloko m'mawa. Mayi anga akuti walowa zasataniki, ndimusiye. Anzanga akukwaya akuti ndipite naye kwa mneneri akamupempherere. Ine ndimamukonda. Chonde Azakhali, ndipatseni yankho limodzi lamphamvu loti ndikamuyankha asowe chonena, abwerere kutchalitchi chinkhoswe chisanafike.

Ine wothedwa nzeru, Chilomoni

Mwana wa achimwene anga,

Tafika kuno ukhale pamkeka, ndipo foniyo uyambe wayizimitsa. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditapukuta magalasi, poti ndimayesa maso akundinamiza. Ukufuna mwamuna wosowa chonena? Amuna otero ali mbwee m'dziko muno, ndipo akazi anzako akulira nawo. Umufunse za ndalama ya ndiwo, duu. Umufunse komwe wagona, duu. Iwe wapeza wolankhula zakukhosi, wosabisa chimene chikumudya mumtima, ndiye wabwera kwa ine kudzapempha chivundikiro?

Ndiye mpaka 2 koloko m'mawa! Anzako nthawi imeneyo amakhala akunong'onezana za nsalu yodzavala pachinkhoswe, inu muli kalikiliki kugendana ndi azungu a pa YouTube ngati ana ogendana ndi zibuluma. Wapambana pamkangano wanuwo ndi mmodzi yekha, mnyamata wogulitsa mayunitsi pamsika.

Yankho ukufunalo ndilibe, ndipo amene angakuuze kuti ali nalo uyambe wagwiritsa kachikwama kako. Koma usanyamuke, madzi a tiyi ali pamoto, ndikuuze zomwe ndili nazo.

Mayi ako uwauze mwaulemu kuti funso la mkamwini wawoyo silinachokere kwa satana, ndiponso silinabadwire ku Chilobwe. Ndi nkhalamba ya funso, yoposa agogo a agogo ako. Anthu amalitchula ndi dzina la Epicurus, Mgiriki wina woganiza mozama amene anamwalira zaka 270 Yesu asanabadwe, ndipo David Hume wa ku Scotland analidzutsanso m'buku lomwe linatuluka mu 1779, mwini wake atagona kale kumanda. Lili ngati mafuwa atatu: Mulungu ndi wabwino, Mulungu angathe zonse, koma zoipa zilipo. Wofunsayo akuti mphika sukukhazikika pamafuwa amenewa, limodzi liyenera kuti ndi lagwedegwede. Si funso lachibwana. Munthu aliyense amene anaphikapo pamoto wa nkhuni amadziwa kuti mphika ukapendekeka umayang'ana mafuwa, sutukwana amene wakuuza kuti ndiwo zikutayika.

Akhristu ophunzira analipatsa ulemu funsoli. Gottfried Leibniz wa ku Germany analemba buku lathunthu mu 1710 poyesa kuonetsa kuti dziko lino, ndi zowawa zake zomwe, ndilo labwino koposa mwa maiko onse amene Mulungu akanatha kulenga. Patangopita zaka 45, pa 1 Novembala 1755, chivomezi chinagwedeza mzinda wa Lisbon, kwawo kwa Apwitikizi aja ankalamula Mozambique. Linali tsiku la Oyera Onse, nthawi ya kum'mawa, anthu ali m'matchalitchi. Madenga anagwera opemphera, nyanja inasefukira kulowa mumzinda, moto unayaka masiku angapo, ndipo anthu masauzande ambirimbiri anafa. Alaliki ena a nthawi imeneyo ananena zomwe ananena mlaliki wanu uja, kuti n'chilango cha machimo. Anthu anadabwa kuti nanga chilangocho chayambira bwanji m'tchalitchi. Voltaire wa ku France anatenga cholembera n'kuseka maganizo a Leibniz m'nthano yake ya Candide ya mu 1759, ndipo mpaka lero anthu akuiwerengabe. Ndiye mkamwini wangayo asadziyese woyamba, nawenso usadziyese woyamba kusowa poyankha.

Ngakhale makolo athu, Baibulo lisanafike kuno, ankalimbana nalo funso lomweli pamoto madzulo. Sunamve za bilimankhwe amene Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma poyenda monyang'wa anapitiriridwa ndi buluzi wonyamula uthenga wa imfa? Sunamve kuti ku Kaphirintiwa Chauta ankakhala pamodzi ndi anthu ndi nyama, mpaka munthu anapeka moto n'kutentha tchire, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude? Nthano zimenezi anazipeka anthu amene anaika ana awo m'manda n'kumadzifunsa kuti Namalenga ali kuti. Phiri likaphulika n'kutsitsa madzi ndi miyala, monga ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, ankati wadutsa Napolo. Ankafuna dzina loti aloze, chifukwa mtima wa munthu sulola kuti tsoka lalikulu chotero likhale lopanda mwini. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, ndipo sanawonjezere kuti kupatula mafunso okhudza Mulungu.

Tsopano bweretsa kuno mayankho a anzako a pa YouTube aja tiwayale ngati kaunjika, tione ovalika ndi obooka.

Loyamba ndi la ufulu wosankha. Akuti Mulungu sanafune zidole, anafuna anthu otha kumukonda mwa kufuna kwawo, ndipo wotha kusankha chabwino atha kusankhanso choipa. Augustine wa ku Hippo, mwana wa mu Africa momwe muno, kudera lomwe lero ndi Algeria, anaphunzitsa zimenezi zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo Alvin Plantinga wa ku America anazinolanso mu 1974. Malaya amenewa ndi olimba, ndipo amamukwana wakuba, wachiwembu ndi wakatangale. Amafikanso pang'ono ku Soche, chifukwa mitengo ya m'phiri muja sanadule ndi angelo, tinadula ndife, n'kuotcha makala omwe iwe ndi ine taphikira nyemba. Jean-Jacques Rousseau anamuyankha Voltaire chimodzimodzi mu 1756, kuti amene anaunjika nyumba zosanjikizana ku Lisbon ndi anthu, si Mulungu. Koma taona pomwe abookera. Mayi wosauka samanga m'mbali mwa phiri chifukwa chokonda kuonera mzinda pamwamba, amamanga pomwe ndalama yake yafika. Ndipo namondwe amene anabadwira kufupi ndi Australia, n'kuyenda masabata asanu, kudzalowera ku Quelimane mpaka kusiya akufa ndi osowa oposa 1,000 m'Malawi muno, sanaitanidwe ndi wootcha makala. Ufulu wosankha wa kamwana ka zaka 7 kali m'tulo unali pati?

Lachiwiri ndi loti mavuto amaphunzitsa ndi kukhwimitsa munthu. Nthawi zina n'zoona, ine ndemwe ndinaphunzira kusunga ndalama nditagona ndi njala. Koma William Rowe, mphunzitsi wina wa ku America, anafunsa mu 1979 za kagwape kopsa ndi moto wolusa m'nkhalango, moto woyatsidwa ndi mphezi, kovutika masiku angapo kasanafe, popanda munthu woona. Kaphunzira chiyani, ndipo waphunzirapo ndani? Ukauza mnzakoyo kuti mayi ake ndi mlongo wake anafa kuti iye aphunzirepo kanthu, ndiye kuti wamuuza kuti fizi ya sukulu yake inali mitembo iwiri. Malaya amenewa usapite nawo kusiwa.

Lachitatu ndi loti nzeru za Mulungu n'zakuya, ife tili ngati nyerere yoyenda pachitenje, yosatha kuona maluwa onse a nsaluyo. Ili ndilo loona mtima kuposa onse, ndipo ndi lomwe ine ndimafunda usiku. Koma uzindikire zinthu ziwiri. Ndi yankho la munthu wokhulupirira kale, lopempha kuti udalire pomwe sukuona, choncho silingatseke pakamwa munthu amene kudalirako kwamuthera. Komanso mpeni wake ndi wakuthwa konsekonse. Ngati sitidziwa maganizo a Mulungu, ndiye kuti mlaliki wa pamaliro uja sawadziwanso. Anamuimbira foni ndani kumuuza kuti Freddy n'chilango?

Lachinayi ndi lomwelo la chilango, ndipo limeneli usaliyese n'komwe, ndi sanza, ponya kudzala. Baibulo lomwe mlalikiyo anakwapatira limamutsutsa. Pa Luka 13 Yesu anakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Pa Yohane 9 ophunzira ake ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa amene anachimwa, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Kukanakhala kuti matope amasankha ochimwa, bwenzi atalumpha Chilobwe n'kukagogoda pamageti ena ataliatali amene iwe ndi ine tikuwadziwa. Ine ndikuona kuti amene anathamangitsa mkamwini wanga kutchalitchi si Epicurus kapena Hume ayi. Ndi munthu amene anaima pamaso pa mabokosi awiri, lina lalifupi, n'kunena kuti ogonamo alandira malipiro awo.

Iwe woimba kwaya, buku la Yobu unaliwerenga mpaka kumapeto, kapena unalekera pomwe pali mavesi oloweza? Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, atamva za tsoka lake anabwera n'kukhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osatsegula pakamwa. Pamenepo anali abwenzi enieni. Atangoyamba kulankhula, kuikira Mulungu kumbuyo ndi kumuuza Yobu kuti ayenera kuti analakwa penapake, anasanduka minga. Yobu anadandaula, anatemberera tsiku lomwe anabadwa, anafuna kuti akumane ndi Mulungu pabwalo la milandu. Ukafika mutu 42 upeza kuti amene anadzudzulidwa ndi maloya atatu aja, osati wodandaulayo. Ndipo chifukwa chenicheni cha mavuto ake Yobu sanauzidwe. Wosakhulupirira atha kunena kuti pamenepo funso lazembedwa, ndipo ine sindingamutsutse kwambiri. Chomwe ndikufuna uone n'chakuti buku lako lomwe limamupatsa malo munthu wokwiyira Mulungu. Habakuku anayamba uneneri wake ndi madandaulo. Masalimo ambiri ndi kulira kokhakokha. Abrahamu ananenerera za Sodomu kuchoka pa anthu 50 mpaka 10, ngati mayi wogula tomato pamsika wa Limbe. Tomasi anakana kukhulupirira sabata yathunthu ndipo palibe anamudula mumpingo. Yesu amene, ali pamtanda, anafunsa chifukwa chimene Mulungu anamusiyira. Onsewa mayi ako akanawatcha asataniki?

Ndikuuzenso za katswiri wina amene anzako a pa YouTube amakonda kumutchula, C.S. Lewis wa ku Oxford. Mu 1940, asanakwatire, analemba buku la The Problem of Pain, lofotokoza mwadongosolo chifukwa chimene Mulungu wabwino amalolera zowawa. Kenako anakwatira Joy Davidman, ndipo mayiyu anamwalira ndi khansa mu 1960. Buku lomwe Lewis anatulutsa chaka chotsatira, A Grief Observed, linali la munthu wina ndithu, wosweka, wokwiya, wokayika ngati Mulungu ndi wabwinodi, moti sanaikepo n'komwe dzina lake lenileni. Chikhristu sanachisiye, koma anaona yekha kuti mfundo zokoma m'kalasi zimasowa mchere pasiwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwana wanga. Iwe m'mimba simunakupotepo chotero, ndiye usamuphunzitse mnzako katsekulidwe ka chitseko.

Sendera kuno, izi sindikamba kawirikawiri. Chaka chomwe Napolo anatsika ku Phalombe chija, ine ndinataya mwana wanga wachisamba, wa miyezi 11, ndi malungo. Ndinachezera usiku wonse pabenchi lachipatala kumulonjeza Mulungu chilichonse, ngakhale kusiya miseche, ndipo iwe ukundidziwa, umenewo unali mtulo waukulu. M'bandakucha ndinabwerera kunyumba mwana ali m'chitenje chomwe ndinamuberekera popita, koma ulendo uno wosatentha thupi. Pamaliro mayi wina wa kumpingo anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisalire, Mulungu wathyola duwa lake. Anali ndi ana 6 amoyo mayi ameneyo. Ndinaluma mlomo kuti ndisamufunse chifukwa chake wothyolayo analambalala munda wodzaza n'kudzathyola kwa ine kumene kunali duwa limodzi.

Ndiye panali gogo wina woyandikana naye nyumba, Msilamu wa ku Mangochi, amene tinkakhalira kukangana chifukwa nkhuku zake zinkanditheratu mpiru kuseri kwa bafa. Anthu atabalalika, gogoyu anapita kuchingwe, anaanula matewera omwe ndinachapa tsiku lopita kuchipatala, anawapinda bwinobwino n'kuwaika pansi penipeni pa sutikesi, pomwe sindikanawaona msanga. M'mawa uliwonse ankabwera ndi phala m'kambale kovundikira, n'kukhala pambali panga mpaka nditamwa. Sanatchule Mulungu ngakhale kamodzi, wake kapena wanga. Kutchalitchi ndinatha miyezi 8 osapondako. Tsiku lomwe ndinabwerera, palibe anali atandigonjetsa pamkangano. Ndinangokhala pabenchi lakumbuyo, mkwiyo wanga uli pamiyendo ngati khanda, ndipo denga silinandigwere. Funso lija ndikadali nalo. Ndimapita nalo ku Mvano, limavala yunifolomu pamodzi ndi ine.

Tsono tamvera zochita. Mavidiyo aja aleke lero lomwe. Mawu oti athokoze poti anapulumuka usadzawabwerezenso, chifukwa iwe ukamati anapulumuka, iye amamva kuti anagona pouma mayi ake akukwiririka. Mnyamata ameneyu akuzenga milandu iwiri, wina ndi Mulungu, wina ndi iye mwini, ndipo wachiwiriwo ndi umene umamulanda tulo. Mufunse za mayi ake, ndiwo zomwe ankakonda kuphika, momwe ankamukalipira akachedwa kufika. Mufunse za kamlongo kake, dzina lomwe ankakatchula pocheza, kalasi yomwe kanali. Akafuna kupita kumanda, mutsagane naye, unyamule khasu mukalambule, pakamwa pako patsale pakhomo. Akakufunsanso funso lake lija, umuuze chilungamo, kuti sudziwa, kuti nawenso limakuwawa, ndipo kuti iwe ukukhulupirirabe. Vesi lomwe oikira kumbuyo Chikhristu amaimirapo, 1 Petro 3:15, limawauza kukhala okonzeka kuyankha, koma limawauzanso kuti ayankhe mofatsa ndi mwaulemu. Theka lachiwirilo ambiri amalisiya m'thumba.

Kwa mneneri usapite naye. Munthu wolira sakhala ndi chiwanda, ndipo mukamugwetsa pansi pamaso pa kamera mudzamutaya ndi kumutayiratu. Koma ukaona kuti sakugona, sakudya, mvula ikayamba kugwa amanjenjemera, kapena wayamba kulankhula zoti bola akanapita nawo, pamenepo usazengereze, uza achibale ake ndipo mupite naye kuchipatala akaonane ndi aphungu a zamaganizo. Kumeneko si kusowa chikhulupiriro, monganso kumwa mankhwala a malungo si kunyoza pemphero.

Kwatsala fupa lenileni, ndipo sindikubisira. Mwina adzabwerera kutchalitchi monga ndinabwerera ine, mwina sadzabwerera. Alipo anthu abwinobwino amene analingalira mofatsa n'kuona kuti mafuwa aja sakukhazikika, ndipo sanasanduke zigawenga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 2 mwa 100 aliwonse m'dziko muno alibe chipembedzo, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro. Ndiye funso lako lenileni si lakuti umugonjetse bwanji. Ndi lakuti, akapanda kusintha, ungathe kukhala naye? Nkhanga zinapangana kusanapse. Khalani pansi awiri, kenako ndi ankhoswe, mukambirane komwe ukwati udzadalitsidwire, ngati ana adzabatizidwe, ngati chakhumi chidzachoke m'thumba la banja kapena lako, ngati adzakulole kupita kukwaya popanda kukunyogodola, ndiponso ngati iwe udzamulole kutsala pakhomo Lamulungu popanda kumuphikira nsima yosapsa. Kambiranani ndi abusa anu poyera, musawanamize. Choopsa kuposa zonse n'kumukakamiza kuti anamizire kutembenuka mtima kuti chinkhoswe chidutse. Mwamuna amene wayamba banja ndi bodza loti akusangalatse, mawa adzapeza mabodza ena okusangalatsa nawo. Ukaona kuti sungathe kukhala ndi wosapemphera, umuuze mwaulemu, ndi ufulu wako, koma usamusiye ndi dzina la usataniki pamwamba pa maliro awiri.

Mukagwirizana, khadi langa lisaiwalike. Ma K200 ofupira ndayamba kale kusunga m'kachitini, ndipo chiuno changa, ngakhale chimalira ngati chitseko chakale, pa perekaniperekani sichinandichititsepo manyazi.

Azakhali ako

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 21 ndipo ndikuphunzira kuyunivesite ku Zomba. Ndawerenga Richard Dawkins ndi Bertrand Russell ndipo ndazindikira kuti kulibe Mulungu. Ndikapita kumudzi ku Ntcheu patchuthi, agogo anga aakazi amafuna tizipemphera tisanadye. Tsiku lina ndinawafunsa kuti Mulungu wawo wabwinoyo anali kuti pa njala ya 2002 pomwe anataya ana awiri. Iwo anangogwetsa misozi n'kusiya nsima. Tsopano amalume andiletsa kufika pakhomo mpaka nditapepesa. Ndipepese bwanji poti ndinafunsa zoona?

Ine woganiza mwaufulu, Zomba

A pulofesa anga,

Takulandirani, khalani pampando, mkekawu ungakudetsereni digiri. Mabuku awiri okha, mwafika kale poitanitsa agogo kubwalo? Mukadzamaliza laibulale yonse tidzathawira kuti ife?

Tsopano ndikuvule upulofesawo ndikulankhule ngati mwana wanga. Zoti ukhulupirire kapena ayi ndi zako, sindikukakamiza, ndipo funso lako ndi lomwe ndalipatsa ulemu m'kalata yapamwambayi. Koma unaliponya kwa yani? Iwe njala ya 2002 unaimva m'nkhani. Agogo akowo anaiona ndi maso, nthawi yomwe anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo anakumba kawiri kumanda iwe usanabadwe. Ukuganiza kuti funso limenelo analimva koyamba kwa iwe? Akhala akugona nalo ndi kudzuka nalo zaka zoposa 20, ndipo kapemphero ka pansima kaja ndi ndodo yomwe ayendera mpaka kukulera iwe. Sunawaphunzitse kanthu. Unangowaponda pachilonda, nsima ili m'manja.

Russell wakoyo, pomwe ankafotokoza chifukwa chake sanali Mkhristu, mu 1927 ku London, ankalankhula m'holo kwa anthu amene anabwera okha kudzamumvera. Sanapite kukasokoneza nkhalamba pachakudya. Ndipo ngati ukufuna chitsanzo chapafupi, funsa za George Thindwa wa bungwe la Association for Secular Humanism. Ameneyo anadziwika m'dziko muno osati chifukwa choliza agogo, koma chifukwa chomenyera nkhondo agogo amene ankatsekeredwa m'ndende ndi kuzunzidwa ponamiziridwa ufiti. Ngati ukuti kumwamba kulibe wotiyang'anira, ndiye kuti ntchito yoyang'anira agogowo yatsala m'manja mwako. Kusakhulupirira kwakuwonjezera katundu, sikunakuchotsere.

Ndiye pita ukapepese. Sukupepesa maganizo ako, ukupepesa misozi yawo, ndipo sukuyenera kunama kuti watembenuka. Nyamula shuga, sopo ndi chitenje, udutsire kwa amalume, ukagwade. Akamapemphera, iwe khala chete mwaulemu, maso ukhoza kutsegula ngati ukufuna, koma dzanja lisayambe ulendo wa kumbale ya ndiwo Amen asanamveke. Mafunso akowo ukawafunse ku Zomba kwa anzako a mano onse m'kamwa, ndipo ukakumana ndi wina wokuposa usathawe. Paja fizi yako ikuchokera m'munda wa kachewere wa agogo omwewo, ndipo iwo amati amene amagwetsa mvula pamundapo ndi Mulungu. Iwe ukhoza kunena kuti ndi mitambo. Mulimonsemo, wapalira ndi gogo.

Azakhali ako